Za Nkhope ya Mzungu pa Katundu wa Malonda

Kufikira caka ca 1999 dziko lathu la Malawi linalibe nyumba yace ya wailesi ya kanema. Anthu a m'mbali mwa nyanja muno anali kumva za malonda ndi makutu okha, pa wailesi ya mau, kapena kuziona m'nyuzipepala imene wa sitolo anakulungiramo sopo. Lero zinthu zasintha. Ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Lifuwu ndi pa Kamuzu Road ziripo nyumba zoonetsa kanema, m'mene ana ndi akuru alowa ndi tindarama tocepa. Ndipo mpira usanayambe, kapena osewera atapita kokapuma, otsatsa malonda alowetsapo zithunzi zao. Amene sapita ku nyumba zimenezo ali ndi foni m'thumba. Ndipo ali yense woyang'anitsa adzaona cinthu codabwitsa, ndico ici: katundu wambiri amene tigula masiku ano acokera ku China ndi ku India, koma nkhope imene iri pa bokosi kawirikawiri si ya munthu wa ku China, si ya Mmwenye, si yathunso iai, ndi nkhope ya Mzungu. Simbi ya magetsi yapangidwa ku Guangzhou, woigulitsa ndi Mcewa, woigula ndi Myao, koma mkazi wosekerera pa bokosi lace ali ndi tsitsi longa ndebvu za cimanga, ndipo kapena sanaikhudzepo simbiyo ndi dzanja lace.

Tsono funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi mwezi uno ndi ili: kodi nkoyenera kugulitsa katundu ndi nkhope ya munthu wa mtundu wina? Ndipo ngati muli colakwa m'menemo, wolakwiridwa ndani, Mzungu amene nkhope yace yabwerekedwa, kapena ife amene tiyang'ana? Mlandu umenewu sunayambire kwathu kuno. Anthu a maiko a ku Asia, amene analandira kanema kale ife tisanamuone, akhala alikukangana za ici zaka zambiri, ndipo ena a iwo ananena mau anzeru, ena mau a mkwiyo cabe. Ncabwino kuti timve za iwo poyamba, pakuti munthu aweruza bwino mlandu wa mnansi wace koposa wa iye mwini.

Tiyambe ndi Japan. Dziko limeneli linagonja pa nkhondo yaikuru mu 1945, ndipo asilikari a ku America anakhalamo ndi kulilamulira kufikira 1952. Patapita zaka, mu 1970, kampani ina ya ku Osaka yochedwa Tancho, yopanga mafuta odzola amuna, inaitana Charles Bronson, Mzungu wochuka wa m'makanema a ku America, kuti aoneke pa wailesi ya kanema alikudzola mafuta ao atsopano ochedwa Mandom. Mafutawo anagulidwa kwambiri, kotero kuti caka cotsatira, mu 1971, kampaniyo inasiya dzina lace lakale nidzicha Mandom. Taonani mphamvu ya nkhope ya mlendo: inasintha dzina la mwini nyumba. Kuyambira pamenepo Azungu ochuka ambiri anapita ku Japan kukatsatsa mowa, magalimoto ndi zakudya, ndipo ena a iwo anacita kumeneko zimene akadacita nazo manyazi kwao. Wina dzina lace Tommy Lee Jones anayamba mu 2006 kuoneka pa malonda a khofi wa m'zitini wochedwa Boss, nacita cotero zaka zambiri, alikusewera ngati colengedwa cocokera kunja kwa dziko lapansi, cimene cabwera kudzazonda makhalidwe a anthu.

Wina pakumva izi adzati, Basi, Ajapani apembedza Azungu. Koma nkhani si yacidule cotero. Mai wina wofufuza miyambo ya mitundu ya anthu, dzina lace Millie Creighton, analemba mu 1995 za zimene anapeza pa malonda a ku Japan. Iye anaona kuti mlendo wa pa kanema apatsidwa kucita zimene Mjapani wolongosoka sayenera kuoneka alikucita: kuonetsa thupi, kudzitama, kuswa mwambo, kucita za iye yekha wosasamala anzace. Woonerera akondwa nazo, azikhumbira pang'ono, ndipo akatha ati mumtima mwace, Izo nza alendo. Ife sitiri otero. Potero Mzungu wa pa kanema agwira nchito ya mpanda: asonyeza eni mudzi pamene pathera kwao. Amkweza pamwamba ndithu, koma amkweza kunja kwa mudzi, pamalo poti asatsikire pakati pao.

Ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo, pakuti makolo athu anacita cofanana naco kanema asanabwere. Amene anapita ku Mua, pansi pa mapiri a Dedza, anaona m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare nkhope zambiri za gule wamkuru, zimene anazisonkhanitsa a pa Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayamba mu 1976. Pakati pa zirombozo pali cina cochedwa Simoni, ca nkhope yofiira ngati ya Mzungu wopserera ndi dzuwa, ndi cina cochedwa Maria. Izi zinalowa m'bwalo pamene amishoni ndi a boma analowa m'dziko. Anthu amene analibe mfuti, amene anakakamizidwa msonkho ndi thangata, anayankha ndi cimene anali naco, ndico kuseka. Sindilemba izi kuti nditame gule kapena kuti ndimtsutse. Nkhani imeneyo iri ndi malo ace. Ndingofuna kuti tione kuti mtundu uli wonse, ukakomana ndi mlendo wamphamvu, umsemera nkhope yoti uzimdziwa nayo. Kuseka kwa wofoka amene aseka womsautsa ndikumvetsa, ndipo sindikuyesa kofanana ndi kuseka kwa wamphamvu amene aseka wofoka. Komabe Simoni si munthu weniweni. Palibe mai amene anabala Simoni.

Mu Januwale 2014 kampani ya ndege ya ku Japan yochedwa All Nippon Airways inaturutsa cithunzi ca malonda cotsatsa maulendo ace opita kunja ocokera pa bwalo la Haneda. Amuna awiri obvala za oyendetsa ndege anali kukambirana zosintha maonekedwe a Japan pamaso pa maiko. Ndipo mwadzidzidzi mmodzi wa iwo anaoneka atabvala tsitsi lonamizira la Cizungu ndi mphuno yaitali ya mphira. Alendo okhala m'dzikomo anadandaula, ndipo kampaniyo inapepesa nicotsa cithunzico. Koma Ajapani eni ace anagawikana. Ena anati ncamanyazi. Ena anati, Cipongwe ciri kuti? mphuno yaitali kwathu kuno tiiyesa yokongola. Ndipo enanso anati, Nanga Azungu sanatiseka ife maso athu m'makanema ao zaka zonsezi?

Mau otsirizawa ngoona, koma sacotsa mlandu. Akuru anati anyani asekana zikundu. Ndipo anthu a ku Asia adziwa bwino kuwawa kwace cinthu cikatembenuka. Mu Novembala 2018 kampani ya zobvala ya ku Italy yochedwa Dolce & Gabbana inaonetsa mkazi wa ku China alikubvutika kudya cakudya ca ku Italy ndi timitengo tiwiri timene eni dziko adyera; anthu a ku China anapsa mtima kwambiri, ndipo cionetsero cacikuru cimene kampaniyo inakonza ku Shanghai cinalephereka. Koma mau amene andigwira mtima koposa ndi a uja anati mphuno yaitali ndi yokongola, cifukwa cace palibe cipongwe. Iye ayesa kuti kutama ndi kunyoza ndi zinthu ziwiri zotalikirana. Ine ndiyesa kuti pa nkhani iyi ziri nthambi ziwiri za mtengo umodzi. Woika Charles Bronson pa botolo ndi woika mphuno ya mphira pa nkhope onse awiri anatenga mwa Mzungu ciwalo cimodzi cimene anacifuna, khungu kapena mphuno, namsiya munthuyo.

Ku China cinthu ici cinafika poonekeratu. M'zaka zimene mizinda inali kumangidwa mofulumira, ogulitsa nyumba anayamba kubwereka Azungu monga munthu abwereka mipando ya pa ukwati. Mnyamata wophunzira sukulu, kapena mlendo wongoyendayenda, anali kubvekedwa suti ndi kuimikidwa pamaso pa ogula monga woimba wochuka kapena mmisiri wamkuru wa kunja, kuti anthu ayese kuti malowo ngapamwamba, popeza ndi Azungu omwe abwerako. David Borenstein, amene nayenso anabwerekedwa cotero, anajambula kanema wa nkhani imeneyi ku Chongqing, wochedwa Dream Empire, amene anaturuka mu 2016. Nyumba zina zimene zinagulitsidwa motero zinakhala zopanda anthu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Apa sipafunika nzeru zambiri poweruza, pakuti uwu ndi umboni wonama, ndipo wobvala sutiyo ali ndi gawo lace pa bodzalo.

Inu a m'mbali mwa nyanja mudziwa macitidwe awa koposa anthu a kumtunda. Usiku wopanda mwezi asodzi a cirimira apita pakati pa nyanja, ndipo siginala akhala m'bwato lace ndi nyali zowala. Usipa uona kuwala, ukwera pamwamba, usonkhana; siginala apalasa pang'onopang'ono kuulondolera ku khoka, ndipo khoka litseka. Nyali si cakudya. Usipa supindula nayo kanthu. Nkhope ya Mzungu pa bokosi la simbi ndiyo nyali imeneyo. Siikuuzani ngati simbiyo itentha bwino, ngati cingwe cace ncolimba, ngati idzatha caka.

Koma wamalonda ali nao mau ace, ndipo tiyenera kumumva. Iye adzati, Ine sindinalenge usipa. Ndingoyatsa nyali imene nsomba ikonda. Ndikaika nkhope yakuda pa bokosi simugula, mlandu ngwanu. Ndipo abale, mau awa aluma cifukwa muli coonadi. Tamverani cinenero cathu. Nkhuku yaikuru tiicha ya Cizungu, yathu tiicha ya cikuda. Mankhwala a ku cipatala nga Cizungu, a mizu nga cikuda. Nyumba ya malata ndi magalasi ndi ya Cizungu, ngakhale anaimanga mmisiri wa kwa Maganga ndi njerwa za dothi la kwa Maganga. Ndipo wanchito anena za bwana wace kuti Mzungu wanga, cinkana bwanayo ndi wakuda bii wobadwira kwa Khombedza. Wamalonda sanapeke zimenezi, anangochera khutu. Cithunzi ca pa bokosi cinena zocepa za Azungu, koma cinena zambiri za ife, pakuti ndi kalirole woonetsa cimene wamalonda anapeza mumtima mwathu.

Ngakhale ziri tero, ine sindimmasula wamalonda. Fanizo la nyali lithera panjira. Usipa ubadwa wokonda kuwala, ndipo msodzi sauphunzitsa. Koma mwana wa munthu sabadwa wodziwa kuti khungu loyera liposa lakuda; aphunzira ndi maso, tsiku ndi tsiku, pa bokosi la sopo, pa cikwangwani ca pamseu, pa kanema. Wamalonda akolola m'munda umene iye yemwe athirira.

Cipatso cace cioneka bwino pa nkhani ya mafuta oyeretsa khungu. Ku India kampani ya Hindustan Lever inayamba mu 1975 kugulitsa mafuta ochedwa Fair & Lovely, ndipo zaka zambiri zithunzi zace zinaonetsa namwali wakuda wolephera kupeza nchito kapena mwamuna, amene atadzola mafutawo ayera, ndipo zitseko zonse zimtsegukira. Amwenye eni ace ndiwo anaimirira kutsutsa. Amai a bungwe la Women of Worth ku Chennai anayamba mu 2009 nchito yochedwa Dark is Beautiful, yophunzitsa kuti khungu lakuda ndi lokongola, ndipo mu 2013 Nandita Das, mai wochuka wa m'makanema, anagwirizana nao. Mu 2014 bungwe loyang'anira otsatsa malonda ku India linaletsa kuonetsa munthu wakuda monga wosakongola kapena wolephera; ndipo mu 2020 kampani ija inasintha dzina la mafuta ace nikuwacha Glow & Lovely. Dzina linasintha, mafuta anatsala pa sitolo. Ku China, mu 2016, cithunzi ca sopo wocapira wochedwa Qiaobi cinaonetsa mkazi alikuponya mwamuna wakuda m'makina ocapira, ndipo munaturuka mwamuna woyera wa ku China. Dziko lonse linapfuula, kampaniyo nipepesa. Onani m'mene makwerero aimira: akakweza nkhope ina pamwamba, ina iyenera kukhala pansi, ndipo kawirikawiri ya pansiyo ndi yathu.

Akuru a kuno akumbukira mafuta a Ambi, amene anachuka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndi zithunzi zace za m'manyuzipepala zoonetsa anthu akuda oyezuka, obvala bwino, monga otsogola. Mu 1975 madokotala a ku Pretoria analemba kuti mankhwala ochedwa hydroquinone, amene anali m'mafuta ambiri otere, akadzoledwa nthawi yaitali abala mawanga akuda okakala pankhope, obvuta kucotsa. Boma la South Africa linaletsa mankhwalawo m'mafuta odzola mu 1990, ndipo Rwanda inayamba mu 2018 kulanda mafuta otere m'masitolo. Ena athiramo mercury, amene aononga impso. Koma pitani pa msika uli wonse wa m'boma lathu lino, mudzapeza timabotolo tace. Ndipo mudzakomana ndi mlongo wathu wa nkhope yoyera ndi mfundo za zala zakuda. Sindimseka iai. Iye anangokhulupirira cimene anauzidwa kuyambira ali wamng'ono.

Pano anthu ambiri a ku Asia atsutsa, ndipo mau ao ngofunika. Iwo ati, Musatinamize kuti tifuna kukhala Azungu. Ife tinakonda khungu loyera tisanaone Mzungu. Ndipo nzoona kuti akazi a ku nyumba ya mfumu ku Japan anali kupaka nkhope zao ufa woyera zaka cikwi zapitazo. Khungu loyera linali cizindikiro ca munthu wosagwira khasu, wokhala mumthunzi. Ndibvomera. Koma ngati muzu wace ndi cuma, osati mtundu, kodi mlandu wacepa? Ndiye kuti mai amene akhala tsiku lonse pa dzuwa alikuyanika usipa pa thandala, kapena woweramira mpunga m'dambo la Lifuwu, auzidwa kuti nchito imene idyetsa ana ace ndiyo imcotsera kukongola. Wamalonda wamakono anatenga tsankho lakale la olemera ndi osauka, nalilumikiza ndi tsankho la mitundu, ndipo cingwe ca nkhosi ziwiri ncobvuta kudula.

Ife a Cicewa tiri ndi msampha wina m'kamwa mwathu momwe. Liu loti kuyera tinena nalo khungu la Mzungu, nsaru yocapa, ndi mtima wopanda chimo. Liu loti kuda tinena nalo khungu lathu, madzi a matope, ndi udani. Mwana amene amva m'Kalasi za oyera mtima, nayang'ana pa khoma, aona ciani? M'nyumba zambiri za Akristu mwapacikidwa cithunzi ca Ambuye Yesu conga cija Warner Sallman wa ku America anajambula mu 1940, ca tsitsi lofewa lofiirira ndi khungu la ku Ulaya. Cinkana Iye anabadwira ku Yudeya, ku Asia komweko. Wojambulayo sanafune coipa, ndipo mtundu uli wonse ujambula monga uona. Koma aphunzitsi ndi akuru a mpingo acita bwino akamauza ana momveka kuti cithunzico ndi maganizo a wojambula cabe, ndi kuti kuyera kumene tiphunzitsa sikugulidwa m'botolo.

Nanga lamulo lingathandize? Mu 2007 nduna ya zofalitsa nkhani ku Malaysia, Zainuddin Maidin, inadandaula kuti nkhope zooneka ngati za Azungu zacuruka pa malonda a kanema, nifuna kuti zicepe. Koma ambiri a eni nkhopezo anali ana a dziko lomwelo, obadwa kwa makolo a mitundu iwiri. Ndipo iwo anafunsa, Kodi ife si Amalaysia? Lamulo lofuna kuciza tsankho linayambanso kuweruza anthu ndi nkhope. Kwathu kuno Dr Kamuzu Banda sanalole wailesi ya kanema m'zaka zonse za ulamuliro wace, kucokera 1964 kufikira 1994, ndipo lamulo la 1973 linaletsa akazi kubvala mathalauzi ndi masiketi aafupi kufikira linacotsedwa mu 1993. Koma Ambi analowa ndithu m'zaka zomwezo, m'masitolo ndi m'masutikesi a obwera kucokera ku Joni. Boma likhoza kuyesa utali wa siketi ndi cingwe. Likhoza, ndipo liyenera, kuletsa mankhwala aululu ndi malonda onama. Koma silikhoza kuimika msilikari pa diso la munthu.

Tibwerere ku gombe lathu. Njanji itafika ku Salima mu 1935, Azungu a ku Blantyre ndi ku Zomba anayamba kubwera kudzapumula ku nyanja, pa hotela imene inachedwa Grand Beach. Kuyambira masiku amenewo zithunzi zoitanira alendo ku nyanja ya Malawi zakhala ndi kaonekedwe kamodzi: Mzungu wagona pa mcenga, munthu wakuda waima pambali ndi zakumwa, ndipo kutali, dzuwa lirikuturuka, msodzi m'bwato aoneka ngati mthunzi wopanda nkhope. Masiku ano alendo ambiri a m'mahotela a Senga Bay ndi Amalawi a ku Lilongwe, obwera ku misonkhano kapena kudzasamba ndi ana ao, ndipo zithunzi zayamba kusintha. Koma cakale cinakhazikika m'mitu. Mwana wa pagombe amene anakula nacoona cithunzi cimeneco aphunzira zinthu ziwiri: kuti malo a munthu wakuda ndi kuimirira, ndi kuti Mzungu ali yense ndi thumba la ndarama.

Ndipo apa Mzungu weniweni alakwiridwanso, ngakhale bala lace nlocepa poyerekeza ndi lathu. Atsika m'basi pa Kamuzu Road mtsikana wa ku Ulaya wodzaphunzira unamwino, kapena nkhalamba imene mkazi wace anamwalira, kapena mnyamata wosauka kwao amene anasunga ndarama zaka ziwiri kuti aone nyanja. Ana amthamangira ndi kupempha. Wa kabaza achula mtengo wowirikiza. Wogulitsa ziboliboli amucha bwenzi asanamdziwe dzina. Palibe amene amuona iye. Onse aona munthu wa pa bokosi. Ena ati kuwirikiza mtengo kwa Mzungu si kuba, popeza makolo ace anatenga zambiri m'dziko muno. Za makolo ace nzoona, ndipo mlandu umenewo ngwaukuru. Koma suweruzidwa pa mtengo wa cambo cimodzi, ndipo mwana amene aona atate wace ali ndi miyeso iwiri sadzaisungira Azungu okha.

Cimene tingayesere naco zonsezi cinacitika m'dziko mwathu momwe. Mu Juni 2022 atolankhani a BBC Africa Eye, Runako Celina ndi Henry Mhango, anaulula za munthu wa ku China, Lu Ke, amene anali kujambula ana a ku Njewa, kufupi ndi Lilongwe. Anthu a ku China anali kuitanitsa makanema otere pa intaneti, monga moni wa tsiku lobadwa, mafuno abwino a ukwati, kapena malonda a sitolo. Ndipo ana, polandira tindarama tocepa, anali kubvina ndi kubwereza mau a cinenero cimene sanacidziwe. M'kanema wina ana anauzidwa kuchula mau onyoza khungu lao ndi nzeru zao, alikusekerera. Munthuyo anathawira ku Zambia, anagwidwa ku Chipata nabwezedwa. Ndipo mu Julayi 2023 bwalo la milandu linamlamula miyezi 12 m'ndende, ndi kuti acoke m'dziko. Ofesi ya kazembe wa China inatsutsa zimene anacita, ndi anthu ambiri a kwao anacita nazo manyazi. Amalawi anakwiya, ndipo anayenera kukwiya. Mau onyozawo ndiwo anautsa dziko. Koma makanema ena aja a moni ndi mafuno abwino, m'mene munalibe liu loipa, kodi anali abwino? Ogula sanafune kudziwa dzina la mwana ali yense. Anagula khungu lakuda cifukwa ndi lacilendo kwao, monga wogulitsa nyumba wa ku Chongqing anabwereka loyera.

Kale otsatsa malonda anali makampani akutali, ndipo ife tinali oonerera cabe. Lero si tero. Telala wa pa Chipoka aika zithunzi za madiresi pa WhatsApp. Wometa tsitsi alembetsa cikwangwani. Mwini malo ogona alendo ku Senga Bay atsegula tsamba pa Facebook. Ndi bungwe la amai a mpingo losamalira ana amasiye litumiza zithunzi kwa abwenzi a kunja popempha thandizo. Onsewa asankha nkhope. Telala akhoza kutapa pa intaneti cithunzi ca mkazi wa ku Paris wobvala diresi limene iye sanasoke. Akhozanso kujambula diresi limene anasoka ndi manja ace, pa thupi la mai amene analigula, atayamba wampempha. Ndipo amai a bungwe, asanaimike ana pamzere ndi kuwauza kuti acite nkhope zacisoni, ayambe afunsa agogo ao a anawo, ndi kuwauza kumene cithunzico cipita ndi amene adzaciona.